Black Coffee ndi Mau a Akulu m'Kalabu: Kupenda Moyo ndi Nchito ya DJ

1. Mau Oyamba

Ife a maphunziro a zinenero za mu Afirika tinazolowera kufunafuna luso la pakamwa kumudzi: pa mtondo, pa maliro, ku cinamwali, ku dambwe ndi pa nthano za madzulo. Tauni timaiyang'ana mokayika, ndipo nyumba zobviniramo usiku, zimene anthu amazicha makalabu, timaziyesa malo kumene cinenero cimakaonongekera. Maganizo otere anatsutsidwa kale m'dziko lathu lino. M'caka ca 1956 J. Clyde Mitchell wa ku Rhodes-Livingstone Institute anasindikiza kafukufuku wake wa gule wa Kalela monga anali kubvinidwira ku Luanshya, naonetsa kuti anyamata ogwira nchito m'tauni anali kupeka nyimbo m'Cibemba ca kumigodi, zokamba za moyo wao watsopano ndi za mitundu ina imene anakumana nayo kumeneko. Ngati Kalela anayenera kufufuzidwa, kalabu nayonso iyenera.

M'nkhani ino tifuna kupenda moyo ndi nchito ya Nkosinathi Maphumulo wa ku South Africa, wodziwika ndi dzina lakuti Black Coffee, mmodzi mwa ma DJ ochuka kwambiri amene anatuluka mu Afirika. Funso lathu ndi ili: kodi mau a zinenero zathu amakumana ndi zotani pamene DJ awanyamula kucoka ku Durban ndi ku Johannesburg, kupita nao ku Ibiza ndi ku New York? Tidzayesa kuonetsa kuti mphamvu ya Black Coffee inayambira pa kubweretsa mau a oimba akuluakulu, m'zinenero za kwao, pakati pa acinyamata obvina amene anali kumva tanthauzo lake, ndi kuti pamene omvera ake anali kuculuka kunja, mau amenewo anali kucepa m'zimbale zake.

2. DJ Monga Woimba Ng'oma

Tisanapite patali, tifotokoze nchito imene DJ wa m'kalabu amagwira, popeza ambiri amaisokoneza ndi ya woulutsa nyimbo pa wailesi. Wa pa wailesi amachula dzina la nyimbo, kuiliza mpaka kutha, kenaka n'kulankhulanso. Wa m'kalabu salola kuti pakhale cete. Amakhala ndi makina awiri kapena kuposerapo olizira nyimbo, ndi kabokosi kosakanizira mau pakati pake. Pamene nyimbo yoyamba ikumveka kwa obvina, iye amamvetsera yaciwiri m'makutu mwake yekha, kulinganiza liwiro lake ndi la yoyamba, kenaka n'kuilowetsa pang'onopang'ono kufikira itatenga malo a inzake popanda phazi la wobvina kuphonya. Usiku wonse umasanduka nyimbo imodzi yaitali yolukidwa ndi zidutswa za anthu ena.

Mtundu wa nyimbo umene Black Coffee amaimba, wochedwa house, unatenga dzina lake ku kalabu ya Warehouse ya mu mzinda wa Chicago, kumene Frankie Knuckles anayamba kugwira nchito m'caka ca 1977. Obvina ake ambiri anali anthu akuda. Maziko a nyimbozi ndi ng'oma yaikulu yogunda kanai kanai mosadukiza, nthawi zambiri pakati pa 120 ndi 130 pa mphindi imodzi. Nyimbozi zitafika ku South Africa, acinyamata a m'makomboni a ku Johannesburg anacepetsa liwiro lake, naikamo mau a Cizulu, Cisotho ndi cinenero cosakaniza ca m'misewu, ndipo umu ndi momwe kwaito inabadwira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990.

Amene amapeputsa DJ amati iye sapeka kanthu, angoliza za eni ake. Cinenero cathu comwe cikutithandiza kuyankha. M'Cinyanja timati munthu aimba nyimbo, timatinso aimba ng'oma. Mneni ndi mmodzi, ngakhale kuti woimba ng'oma sapeka mau. Pa Gule Wamkulu, mpanje umagwira mzere wosasintha, pamene woimba mbalule maso ake amakhala pa miyendo ya cilombo, kutsatira ndi kutsogolera mapondedwe ake. Mabvinidwe a gule aliyense ndi odziwika kale, koma woimba mbalule wabwino ndi wosadziwa amasiyanitsidwa ndi bwalo lonse. Luso lake ndi la kudziwa nthawi. Albert Lord, m'buku lake la mu 1960 lonena za oimba ndakatulo zazitali a ku Yugoslavia, anaonetsa kuti mlakatuli wa pakamwa amapeka ali pamaso pa omvera, pogwiritsa nchito zidutswa zimene anazilandira kwa amene analipo iye asanabadwe. Ruth Finnegan nayenso, m'caka ca 1970, anatsindika kuti luso la pakamwa la mu Afirika silingapendedwe popanda kuona omvera ndi cocitika cimene cawasonkhanitsa. Mfundo ziwirizi zikumuyenera DJ. Zidutswa zake ndi zimbale, bwalo lake ndi kalabu, ndipo cimene wapeka cimatha mbandakuca anthu akabalalika.

3. Moyo Wake

Nkosinathi Maphumulo anabadwira ku Umlazi, pafupi ndi Durban, m'caka ca 1976, koma anakulira ku Ngangelizwe mu mzinda wa Mthatha, m'dera limene panthawiyo linali kuchedwa Transkei, m'manja mwa agogo ake aakazi. Motero anakula pakati pa Cizulu ndi Cixhosa. Mu Febuluwale 1990, anthu ali pamseu kusangalalira kumasulidwa kwa Nelson Mandela, galimoto inalowa m'khamu la anthu ndipo mnyamatayu, asanakwanitse zaka 14, anabvulala minyewa ya paphewa. Kucokera pamenepo dzanja lake lamanzere linaleka kugwira nchito. Onse amene anamuona akuimba akudziwa kuti nchito yonse ya pa makina amaicita ndi dzanja limodzi, linalo lili m'thumba.

Olemba ambiri amaikonda nkhani ya ngoziyi kotero kuti amaiwala maphunziro ake, pamene maphunzirowo ndiwo akufotokoza bwino nyimbo zake. Anaphunzira nyimbo za jazi ku Technikon Natal ku Durban. Anakhalako wobvomereza nyimbo m'gulu la Madala Kunene, katswiri wa gitala wa ku KwaZulu-Natal, ndipo ndi anzake awiri, Shota ndi Demor, anapanga gulu lochedwa Shana. M'caka ca 2003 anasankhidwa kukaphunzira ku Red Bull Music Academy imene inacitikira ku Cape Town. Cimbale cake coyamba, ca dzina lake lomwe, cinatuluka mu 2005, ndipo anatsatiza Have Another One mu 2007 ndi Home Brewed mu 2009, kudzera mu kampani yake ya Soulistic Music. Mu 2010 anaimba maola 60 ku Maponya Mall ku Soweto. Mu 2012 anatulutsa Africa Rising, cojambulidwa ku bwalo la Moses Mabhida ku Durban pamodzi ndi gulu la oimba zipangizo 24.

Kucokera pa cimbale ca Pieces of Me ca mu 2015, nkhope yake inayang'ana kunja. Mu 2017 anapatsidwa usiku wa Loweruka lililonse m'miyezi yotentha ku kalabu ya Hï pa cilumba ca Ibiza ku Spain, kumene anthu a ndalama a ku Ulaya amakaceza. Caka comweco woimba wa ku Canada, Drake, anamanga nyimbo yake Get It Together pa nyimbo ya Black Coffee yochedwa Superman. Cimbale ca Subconsciously ca mu 2021 cinalandira mphotho ya Grammy mu 2022 pa gawo la zimbale za nyimbo zobvina za makina, ndipo iye anakhala munthu woyamba wa mu Afirika kupambana pa gawolo. Mu Okutobala 2023 anaimba ku Madison Square Garden ku New York.

4. Sitima ya Malasha

Nyimbo imene inamudziwitsa kwa anthu mu 2005 inali Stimela ya Hugh Masekela, imene iye anaiumbanso m'kaimbidwe ka house. Pa nyimbo imeneyi tiyenera kuimapo, cifukwa ikutikhudza ife a kuno. Masekela anaitulutsa koyamba mu 1974 ali mu ukapolo wa kudziko la eni. Imakamba za sitima ya malasha yonyamula amuna kupita nao ku migodi ya golide ya ku Johannesburg, ndipo m'kaimbidwe kamene kali pa cimbale cake ca Hope ca mu 1994, Masekela amayamba ndi kuchula maiko kumene sitimayo imacokera. Zambia ndi Malawi ali m'gulu la maiko ochulidwawo. Anthu a m'sitima imeneyo ndi agogo athu, amene bungwe la Wenela linali kuwalemba nchito ku Barotseland ndi ku Nyasaland. Zambia italandira ufulu inaletsa kulemba anthu kumeneku, ndipo Malawi anakuimitsa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha amuna oposa 70 obwerera kwao. Liu lakuti machona, lonena za amene anapita ku Joni osabwerako, linakhazikika m'cinenero cathu cifukwa ca maulendo otere.

Tsono wina angafunse kuti: kodi n'kwabwino kutenga nyimbo ya maliro yotere ndi kuiika pansi pa mapazi a anthu akumwa ndi kusangalala? Funsoli ndi loyenera, koma likuiwala mwambo wa dera lino. Kwathu cisoni cimabvinidwa. Gule Wamkulu amatuluka pa maliro. Mkazi wodandaula za banja lake amadandaulira pa mtondo, munsi ukugunda mwa nthawi yake. Ogwira nchito m'migodi eni akewo anali kubvina magule a kwao tsiku la Sabata m'makomboni, monga Hugh Tracey analembera mu 1952. Kugunda kosadukiza kwa ng'oma ya house kumagwirizananso ndi nkhani ya nyimboyi, popeza ndiko kugunda kwa sitima pa njanji. Cimene Black Coffee anacita ndi kupereka nyimbo ya amene anali mu ukapolo kwa ana amene anakula ufulu utabwera, pa malo pamene anawo amasonkhana. Ndipo cofunika koposa n'cakuti obvina a ku Soweto ndi ku Umlazi anali kumva Cizulu ca Masekela. Kwa iwo mau aja anali nkhani ya m'mabanja mwao.

Njira imeneyi anaitsatanso pa cimbale caciwiri, pamene anaumbanso nyimbo ya woimba jazi Victor Ntoni n'kuicha Wathula Nje, nagwiranso nchito ndi mai Busi Mhlongo, amene mau ao anali ozikika mu kaimbidwe ka Cizulu ka maskandi. Pa nyimbo zimenezi tikuona khutu la munthu wophunzira jazi. Sadzaza nyimbo ndi zoliralira. Amasiya mpata waukulu, ng'oma zili pansipansi, kuti mau a wamkuluyo amveke onse ndi kupuma kwake komwe. Amacedwa kusintha, ndipo akamalumikiza nyimbo ziwiri m'kalabu amazilola kuyendera limodzi nthawi yaitali, ngati mmene wotsogolera nyimbo ndi obvomereza amalowerana mau. M'zaka zimenezi DJ anali ngati mdzukulu amene wagwira agogo dzanja kuwalowetsa m'bwalo la acinyamata, nawauza anzake kuti akhale cete amve.

5. Kusintha kwa Cinenero

Tikatenga Subconsciously ndi kuciika pambali pa zimbale zoyambazo, kusiyana kukuoneka msanga. Oimba oitanidwa tsopano ndi monga Pharrell Williams, Usher, Diplo, Celeste ndi Sabrina Claudio. A ku South Africa alipo, monga Msaki, koma pafupifupi nyimbo zonse zili m'Cingerezi, ndipo nkhani zake ndi za cikondi, kusowana ndi kulakalakana, zimene zingaimbidwe mu mzinda uliwonse wa padziko. Kapangidwe kake n'kosalala, kopanda colakwika, ndipo ng'oma zikali ndi kudekha kuja. Cimene casowa ndi malo. Womvera sangadziwe kuti mwini cimbale anakulira ku Ngangelizwe. Mwa kuona kwathu, cimbale cimene cinalandira mphotho yaikulu ndico copepuka pa zimbale zake, ndipo Home Brewed cikuciposa.

Pali bvuto lina lobisika kuposa ili. Ngakhale pamene DJ aliza nyimbo ya Cizulu kapena Cixhosa ku Ibiza, obvina ambiri kumeneko samva tanthauzo lake. Liu limene ku Soweto linali nkhani limasanduka kamvekedwe cabe, cipangizo cina pakati pa zipangizo. Kaimbidwe kochedwa Afro house katafala ku Ulaya, opanga nyimbo ambiri a kumeneko anayamba kuika mau a zinenero za mu Afirika m'nyimbo zao monga cokometsera, nthawi zina kudula ciganizo pakati ndi kubwereza kacidutswa kopanda mutu. Kwa ife a zinenero za mamvekedwe okwera ndi otsika, izi n'zoopsa kwambiri. M'Cinyanja liu lakuti mtengo, malinga ndi kakwezedwe ka mau, lingatanthauze comera ca m'nkhalango kapena ndalama zogulira cinthu. Wopanga nyimbo amene asintha kukwera kwa mau ndi makina kuti agwirizane ndi nyimbo yake angathe kufafaniza tanthauzo osadziwa kuti wacita kanthu. Black Coffee mwini sacita zosasamala zotere, koma khomo limene iye anatsegula ndilo ena alowerapo.

Mkangano umenewu si wacilendo kwa owerenga magazini ino. Ndi womwe uja Obi Wali anauyambitsa mu 1963 ndipo Ngũgĩ wa Thiong'o anaukuza mu 1986, wonena za cinenero cimene wolemba wa mu Afirika ayenera kulembamo. Kusiyana kwake n'kwakuti buku la Cigikuyu silingawerengedwe ndi wosadziwa Cigikuyu, pamene nyimbo ya Cizulu ingabvinidwe ndi aliyense. Woimba ali ndi ufulu umene wolemba alibe. N'cifukwa cake kusiya kwake cinenero ca kwao kukufuna kufotokozedwa koposa.

6. Zimene Zinganenedwe Pomuteteza

Cilungamo cifuna kuti timve mbali inayo. Coyamba, Cingerezi sicinalowe mu nyimbo zake mu 2021. Turn Me On ndi Superman, zimene anaimba ndi Bucie m'zaka zoyambirira, zili m'Cingerezi, ndipo anthu a m'makomboni anazikonda kwambiri. Cingerezi ndi cimodzi mwa zinenero za ku South Africa, ndipo house yeniyeniyo inabwera nayo miyambo ya kaimbidwe ka m'machalichi a anthu akuda a ku America. Munthu wa ku Durban woimba m'Cingerezi sanabe ca mwini.

Caciwiri, woimba wa mu Afirika sayenera kukakamizidwa kubvala zikopa kuti azungu amukhulupirire. Pali msampha wina umene msika wa kunja umachera anthu athu, wofuna kuti nthawi zonse azimveka acilendo ndi akumudzi. Black Coffee anakana kuikidwa m'khola limenelo, nalimbana ndi ma DJ a ku Ulaya ndi ku America pa bwalo lao lomwe, ndipo anapambana. Ici si cinthu cacing'ono, ndipo oimba acicepere ambiri a kum'mwera kwa Afirika apeza njira cifukwa ca iye.

Cacitatu, ngati mfundo yathu ya mu gawo laciwiri ili yoona, ndiye kuti nchito yeniyeni ya DJ ili mu usiku wa m'kalabu koposa mu cimbale. Kumuweruza ndi zimbale zokha kuli ngati kuweruza woimba mbalule pomvera tepi, osaona gule. M'makalabu a kunja iye wakhala akuliza nyimbo za opanga nyimbo a kwao, zambiri za m'zinenero za kwao, pamaso pa anthu amene sakanazimva mwa njira ina.

Mfundo zitatuzi tikuzibvomereza, koma sizikucotsa dandaulo lathu. Zocitika za m'zaka zomwezo zinaonetsa kuti msika sunali kufuna Cingerezi monga momwe ambiri anali kuganizira. Jerusalema ya Master KG ndi Nomcebo Zikode, yoimbidwa m'Cizulu, inabvinidwa padziko lonse mu 2020. Nyimbo za amapiano zinaoloka nyanja zili m'Cizulu, m'Cisotho ndi m'cinenero ca m'misewu ya Pretoria. Mwaki, imene Sofiya Nzau anaimba m'Cigikuyu, inafala kwambiri mu 2023. Munthu amene anali ndi mphamvu zoitana Pharrell Williams anali nazonso mphamvu zoika mau a Cixhosa pakati pa cimbale cake copita ku Grammy. Akulu anati walira mvula walira matope, koma matope ena munthu amacita kuwasankha.

7. Mau Omaliza

Taona kuti DJ wa m'kalabu ayenera kupendedwa monga mmisiri wa pabwalo, wofanana ndi woimba ng'oma yotsogolera, ndi kuti Black Coffee ali katswiri pa nchito imeneyi. Taonanso kuti nchito yake yolemera kwambiri ndi ya pakati pa 2005 ndi 2012, pamene anali kulumikiza mau a Masekela, Ntoni ndi Mhlongo ndi obvina omva zinenero zao, ndi kuti kuchuka kwa kunja kunabwera pamodzi ndi kucepa kwa mau amenewo.

Kwa ife aphunzitsi a zinenero phunziro lilipo. Ophunzira athu a ku Lusaka, ku Chipata ndi ku Kitwe amaloweza mau a nyimbo za m'makalabu msanga kuposa ndakatulo zimene timawapatsa. Tingathe kuwatuma kulemba mau a nyimbo imodzi monga amvekera, kuika zizindikiro za kukwera ndi kutsika kwa mau, ndi kuonetsa pamene kaimbidwe kasunga tanthauzo ndi pamene kaliphwanya. Tingathe kuwafunsa kuti ayerekeze Stimela ya Masekela ndi ya Black Coffee, ndi kufotokoza cimene cinatsala ndi cimene cinatayika. Imeneyi ndi nchito ya galamala ndi ya kupenda zopeka pa nthawi imodzi.

Tilinso ndi mangawa kwa akulu athu. Nyimbo za Alick Nkhata, amene anaimba m'Cinyanja ndi m'Cibemba pa wailesi ya ku Lusaka m'zaka za m'ma 1950, ndi zambiri zimene Hugh Tracey anajambula m'midzi ya kuno, zimene zikusungidwa ku International Library of African Music ku South Africa, acinyamata ambiri sanazimvepo. DJ wa ku Zambia amene angafune kuzibweretsa m'kalabu adzasowa wina womuuza tanthauzo la mau, mwambo umene nyimboyo inali kuimbidwira, ndi nyimbo zimene siziyenera kutulutsidwa kunja kwa dambwe kapena cinamwali. Amene angamuuze zimenezi ndife, ngati tilola kukhala naye pansi.